Munda Umene Ndinaletsa Kupalira

Ana anga, amayi anu akhala akundiumiriza kuti ndilembe izi ndisanayambe kusokoneza mayina a anthu, ndipo poti maondo anakana kale, ndaona kuti mutu nawo suli kutali. Za ubwana wanga ndi za kusukulu ndinakutopetsani nazo, sindibwereza. Chimene sindinakufotokozereni bwino n'chifukwa chake loya amene ankakwera ndege kukaimira dziko lake anakathera m'kachipinda ka mafayilo a chuma cha masiye. Ena anakuuzani kuti bambo anu anali amwano. Sindikana, mwano ndinali nawo. Koma imvani kumene ndinakaugwiritsa ntchito.

Zomba ndi Lilongwe, 1972 mpaka 1978

Ntchito ndinayambira ku Zomba, mu ofesi ya maloya a boma, pansi pa a Mphonda. Anali bambo wamfupi, waukhondo, wodziwa malamulo kuposa aliyense amene ndinagwirapo naye ntchito, komanso wamantha kuposa onse. Foni ikalira ankayamba aimirira n'kumanga batani la jekete, kenako n'kuiyankha. Ofesi yathu inali yosowa zinthu. Pepala limodzi la kaboni tinkaligwiritsa ntchito mpaka kubooka, ndipo buku lina la malamulo a pakati pa mayiko tinkabwerekana ngati khasu la pamudzi. Likulu litasamukira ku Lilongwe tinapeza makoma atsopano, koma kaboni anali yemwe uja.

Gawo limene anandipatsa linali la mikangano ya boma ndi makampani akunja. Makampaniwa ankakana kuti nkhani zawo zikazengedwe m'makhoti athu, ati woweruza wolembedwa ntchito ndi boma sangagwetse boma. Choncho m'pangano munkalembedwa kuti pakabuka mkangano pasankhidwe oweruza atatu: mmodzi asankhe a kampani, wina lisankhe boma, wachitatu agwirizane onse. Chimene atatuwo anena n'chomwecho, apilo palibe. Milanduyi inkazengedwa kunja, m'zipinda za mahotela a ku Ulaya, ndipo maulendo awiri oyamba ntchito yanga inali kunyamulira a Mphonda chikwama. Komabe ndinaikonda ntchitoyo ndi mtima wonse, chifukwa kumeneko ndi kumene ndinaona koyamba munthu akufunsidwa funso n'kuyankha osayamba wayang'ana kukhomo.

Tsiku lina tikutuluka m'chipinda chotero a Mphonda anandigwira mkono.

"A Chagunda, anthu awa musamawanamize. Akakupezani ndi kabodza kamodzi, zoona zanu zonse amazitayira kudzala limodzi ndi kabodzako."

Tili mu ndege pobwerera anawonjezera chapansipansi: "Zimene ndinakuuzani zija n'za uko. Tikatera, pakamwa mutseke."

Ine ndinasunga phunziro loyambalo. Lachiwirilo linandipita kumbali.

Misuku, 1979

Mlandu woyamba umene anandisiyira ndekha unali wa munda wa khofi ku Misuku, m'boma la Chitipa. Kampani ina yakunja, imene sinditchula dzina, inabwerekedwa phiri lonse lachonde pa lizi. Mabanja amene ankalima pamenepo anasamutsidwira kumatsitso a miyala, kumene munthu amalima atatsamira phiri. Pangano linali lakuti kampaniyo idzale khofi, isamale ngalande ya madzi, ndipo munda usagone. Inagwira ntchito zaka zochepa, kenako manijala wake anapita kutchuthi osabweranso. Munda unasanduka tchire kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Boma linathetsa liziyo kuti malo agawidwe kwa eni ake aja, ndipo kampani inathamangira kwa oweruza atatu kukadandaula kuti yalandidwa munda umene inkausamala bwino. Mlandu wonse unagona pa funso limodzi: kodi mundawo unkasamalidwa, kapena unatayidwa? Tikanaluza, mpanda wa waya wa kampani ukanabwereranso paphiripo, mabanja aja n'kutsala pamiyala.

Ulendo woyamba wokaona malowo unanditengera masiku anayi. Mafuta a galimoto ankasowa nthawi imeneyo, ndipo msewu wochoka pa Kapoka kukwera ku Misuku unali woti dalaivala wanga, munthu wa ku Nsanje, ankayendetsa akupemphera mokweza. Amene anandiyendetsa m'mundamo anali Mayi Namwaka, mayi wamasiye amene anabadwira paphiri lomwelo. Chichewa anachiphunzira ku Zomba, kumene malemu amuna awo ankagwira ntchito, ndipo ankachiyankhula mosakaniza, mosaopa. Anayang'ana nsapato zanga za mu ofesi n'kuseka.

"Adada, nsapato izi zikafika kumtunda, ine ndikupatsani nkhuku."

Nkhukuyo sanandipatse, chifukwa nsapato imodzi inasiya chidendene m'matope. Koma zimene ndinaona zinandikwanira. Mitengo ya khofi inali itamezedwa ndi zilambe, ngalande itakwiririka, nyumba ya makina osendera khofi ili ndi mileme. Mayi Namwaka anaima pa chitsa china n'kunena kuti apa panali khomo la nyumba ya bambo awo. Sanalire. Anangoti, "Ife sitikupempha chinthu chachikulu yayi. Iwo sakulifuna phiri ili, ife tikulifuna."

Ndinajambula zithunzi zambiri, koma nditapita nazo ku Ulaya loya wa kampani, mzungu wamtali woyankhula mokoma, anazitembenuzatembenuza n'kunena kuti tchire lotere munthu angalijambule paliponse mu Africa. Ndinapsa mtima. Pomwepo ndinaimirira n'kupempha oweruza kuti abwere okha adzaone ndi maso awo. A Mphonda atamva anagwira mutu, koma oweruza anali atavomera kale.

Misuku, June 1981

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo sindinamizira wina. Ndinatumiza uthenga ku Chitipa monga mwa nthawi zonse, wodziwitsa kuti tsiku lakutilakuti kubwera alendo akuluakulu ochokera kunja kudzaona munda uja. Ndinaganiza za galimoto, za kogona, za womasulira. Chimene ndinaiwala n'chakuti ife ndife ndani. Masiku amenewo mlendo wa boma sankafika pamalo osatchetcha. Kukamveka kuti kukubwera wamkulu, anthu ankatulutsidwa m'nyumba ndi makasu ndi zikwakwa, miyala ya m'mbali mwa msewu inkapakidwa laimu, mitengo n'kuyeretsedwa mpaka m'chiuno. Ine ndemwe ndinapakapo laimu ndili pasukulu. Koma mutu wanga unali ku Ulaya.

Ndinafuna kufika sabata yathunthu alendo asanabwere, koma ku Karonga ndinakhala masiku anayi pamzere wa mafuta. Ndinafika ku Misuku kutatsala masiku awiri. Tisanakhote kona yomaliza ndinamva nyimbo, ndipo titakhota ndinaona miyala yoyera mbee mbali zonse za msewu. Chigawo chonse cha kumunsi kwa munda chinali chitapaliridwa, mitengo ya khofi itaduliridwa bwinobwino, ngalande ikuyenda madzi, nyumba ya makina ikuwala ngati chipatala chatsopano. Umboni wanga wa zaka ziwiri unali utaunjikidwa pambali ukufuka utsi. Anthu anali ngati nyerere, ndipo mzere wa zikwakwa unali utayamba kulowera kumtunda.

Woyang'anira ntchitoyo anali a Simfukwe, wapampando wa chipani m'deralo, bambo wamphamvu zake wa mawu aakulu, kabuku kali m'thumba la malaya. Anandilandira ndi manja awiri, nkhope ikuwala.

"Monire, bwana loya! Mwaona? Masiku asanu basi. Mawa timaliza kumtunda, alendo anu adzakondwa chomene."

Ndinawapatsa moni, n'kuwatengera pambali. Ndinawafotokozera mofatsa kuti alendo amenewa akubwera kudzaona tchire, kuti tchirelo ndiye mlandu wathu, ndipo ngati apeza munda wosamalika adzakhulupirira kampani. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kumwetulira kukuchoka pang'onopang'ono.

"Mukuti tiwaonetse azungu tchire?"

"Tchire la azungu anzawo, osati lathu."

"Yayi, bwana. Mzungu akajambula tchire sadzalemba kuti ndi la kampani. Adzalemba kuti ndi la Malawi. Ndiye zikatuluka m'nyuzi kunja uko, mwini dziko adzafunsa kuti wapampando wa kumeneko ndani. Adzatchula inu?"

Ndikuuzeni zoona, ana anga, munthuyo sanali chitsiru ndipo sanali woipa mtima. Ankaopa chinthu chenicheni. Koma ine ndinalibe mphamvu yomulamula, chifukwa masiku amenewo digiri ya malamulo inkagwada pamaso pa baji ya chipani. Ndinatsika ku Chitipa boma masana omwewo kukaimbira foni a Mphonda. Ndinadikira maola awiri kuti laini ipezeke. Nditafotokoza, ndinadziwa kuti akumanga batani.

"A Chagunda, mlandu ukatayika timalemba lipoti. Munthu akatayika sitilemba kanthu. Asiyeni apalire."

"Nanga mabanja aja, bwana?"

"Laini sikumveka bwino. Sindinamve zimene mwanena, ndipo foni iyi simunaimbe."

M'mawa mwake ndinakwera phiri anthu akusonkhana ndi zida zawo. Sindinapemphe chilolezo kwa a Simfukwe. Ndinakwera pa chulu n'kupempha Mayi Namwaka kuti amasulire m'Chisukwa, chiyankhulo cha kumeneko. Ndinati: ine sindingakuletseni ntchito, si ine ndinakutumani. Koma dziwani kuti udzu uliwonse umene mutchetche kumtundaku mukutchetchera kampani, ndipo mukamaliza, phiri ili simudzalilimanso. Ndinanena zomwezo basi. A Simfukwe anatulutsa kabuku kaja n'kulemba, akundiyang'ana, osabisa.

Palibe amene anakana ntchito. Kukana ntchito ya chitukuko kunali kudziitanira tsoka, ndipo anthu a ku Misuku ankadziwa zimenezo kuposa ine. Mayi Namwaka anangoyenda n'kukaima pa mwala wina wa m'mbali mwa msewu, n'kuuyang'anitsitsa.

"A wapampando, laimu uyu sanagwire makola. Alendo angatiseke. Tibwereze."

Amayi onse anatsika n'kuyamba kubwereza miyala. Amuna nawo anapeza kuti ngalande ya kumunsi sinawongoke bwino, ndipo inafunika kuikonzanso. Tsiku lonse anthu anagwira ntchito thukuta lili kamukamu, akuimba nyimbo za chipani mokweza kuposa dzulo, ndipo miyala ina inapakidwa katatu. A Simfukwe ankakwera ndi kutsika akukalipa, koma akanalemba ndani? Aliyense anali pantchito. Dzuwa linalowa kumtunda kusanagwe khasu ngakhale limodzi.

Alendo anafika tsiku lotsatira cha m'ma teni, m'galimoto zitatu. Panali oweruza atatu aja, loya wa kampani ndi mlembi wolemba mawu onse oyankhulidwa. Wapampando wa oweruza anali nkhalamba yoonda ya ndevu zoyera, yoyenda ndi ndodo. Amayi anavina, ana asukulu anaimba, ndipo loya wa kampani ankajambula miyala yoyera ndi ngalande akumwetulira ngati watola chikwama. Atatha anatembenukira kwa oweruza n'kunena kuti sakuona chifukwa chotopetsera akuluakulu ndi kukwera phiri, poti munda ukudziyankhulira wokha.

Nkhalamba ija inandiyang'ana. A Simfukwe anali chapafupi, ndipo Chingerezi ankachimva bwino lomwe. Ndinakumbukira mawu a a Mphonda a kabodza kamodzi. Ndinapempha wapampando wa oweruzayo kuti agwire mwala umene unali pafupi naye. Anawerama n'kuugwira, ndipo dzanja linabwera loyera.

"Munda uwu tapalira ife sabata ino," ndinatero. "Anthu awa analamulidwa ndi chipani kuti akonze malo chifukwa kukubwera alendo. Ndi mwambo wathu. Kulakwa n'kwanga, sindinawachenjeze. Kumene manja awo sanafike ndi kumtunda, ndipo ndikupempha kuti tikwere."

Tinakwera, nkhalamba ija ikupuma kawirikawiri koma osabwerera. Malire a ntchito ya sabatayo ankaoneka ngati pometa tsitsi theka. Kupitirira pamenepo munthu ankachita kupinda msana kuti adutse. Pakati pa mizere ya khofi panamera mitengo yonenepa ngati ntchafu ya munthu, ndipo wina unatulukira pakati pa thandala loyanikira khofi. Woweruza amene anasankhidwa ndi kampani yomwe anapempha chikwanje, anadulitsa kamtengo kamodzi n'kuwerenga mizere ya zaka m'kati mwake. Kenako analemba.

Pomwepo loya wa kampani anapempha kufunsa Mayi Namwaka, amene anali mboni yanga. Mphunzitsi wa pasukulu yapafupi ndiye ankamasulira.

"Mayi, zaka zonsezi ndani ankasamala munda uno?"

"Nguluwe, adada. Zinkalima makola, koma sizinkadzala."

Ngakhale nkhalamba ija inaseka. Koma mzunguyo anali katswiri, ndipo anali ataona kale pamene pali bala.

"Mwalamulidwa kupalira munda wonse. Kumunsi mwapalira, kuno ayi. Ndani anakuuzani kuti kuno musiye?"

Iye ankafuna kuonetsa kuti boma lakonza chiwonetsero. Sankadziwa, kapena sankasamala, kuti funso lakelo linali ndi mano ena. Ndinaona a Simfukwe akutulutsa kabuku. Mayi Namwaka akanati palibe amene anatiuza, tinangosiya tokha, ndiye kuti avomera pamaso pa wapampando wa chipani kuti anatsogolera mudzi kuzemba ntchito ya chipani. Mayi wamasiye wa ana asanu. Ndinawaona akukonza mpango, ndipo ndinadziwa kuti ayankha mwanjira yoti anditeteze ine. Zimenezo zinandichititsa manyazi kwambiri moti mantha anachoka.

"Wapampando, funso limenelo ndiyankha ndine," ndinatero kwa nkhalamba ija. "Ndine ndinawauza. Dzulo m'mawa, nditaima pa chulu icho. Ndinawauza kuti lamulo limene apatsidwa liwononga umboni. Mayi awa anangomasulira mawu anga, ndipo anthu awa anamvera loya wa boma. Mlembi alembe dzina langa lonse."

Kenako ndinabwereza mawu omwewo m'Chichewa, pang'onopang'ono, nditayang'ana a Simfukwe, kuti nawonso alembe bwino osaphonya.

Pansi pa phiri, alendo akukwera galimoto, Mayi Namwaka anandiyandikira. Sanathokoze. Anati, "Adada, muli ndi ana?" Ndinati atatu. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Inu anthu a sukulu, nzeru zambiri koma kuzemba simudziwa."

Lilongwe, 1981 mpaka 1983

Lipoti la a Simfukwe linafika ku Lilongwe ine ndisanafike. Linati ndinanyoza chipani pamaso pa azungu, ndinaletsa ntchito ya chitukuko, ndipo ndinatengera alendo kutchire dala kuti dziko lichite manyazi. Kunena zoona, mwa zitatuzo palibe chimene chinali bodza lenileni. Pasipoti anandilanda sabata yomweyo. Mawu omaliza a mlandu ndinawalemba ine, usiku ndi usana pa tebulo langa, koma amene anakawawerenga ku Ulaya ndi a Mphonda. Patapita mwezi, amuna atatu a masuti anabwera ku ofesi nthawi ya tiyi n'kundipempha mwaulemu kuti ndiwaperekeze. A Mphonda anali pakhomo la ofesi yawo, batani lili lomanga, maso ali pansi.

Ndinakhala m'ndende chaka ndi miyezi iwiri popanda mlandu, popanda woweruza ngakhale mmodzi, ine amene ndinazolowera atatu. Za m'katimo sindilemba pano. Iwe Tiyamike unali ndi zaka zinayi, ndipo anakuuza kuti ndapita kukosi. Chigamulo chinatuluka ndili momwemo. Amayi anu ndi amene anandiuza, tsiku limene analoledwa kudzandiona, msilikali ali chilili pambali pathu. Anati, "Mayi aja a ku Misuku akuti ayamba kulima kwawo." Ndinalira ngati mwana, msilikali uja n'kumaganiza kuti ndamva za maliro. Pa wailesi anati boma lapambana mlandu waukulu chifukwa cha utsogoleri wanzeru.

Nditatuluka anandibwezera ntchito, koma osati ija. Anandipatsa kachipinda ka mafayilo a chuma cha masiye, ndipo ndinakhala momwemo mpaka kupuma. Ndege sindinakwerenso. A Mphonda anandiitana kamodzi n'kundiuza kuti ndikalemba kalata yopepesa, mwina zinthu zingasinthe. Ndinawafunsa kuti ndipepese chiyani, poti ndinangochita zimene anandiphunzitsa okha. Anati, "Ndinakuphunzitsani ziwiri." Ndinati, "Bwana, chimodzi chinali cha loya, chinacho chinali chanu." Sitinayankhulanenso mpaka anamwalira, ndipo kumaliro kwawo ndinapita, chifukwa malamulo anandiphunzitsa ndi iwo.

Mwina mudzanena kuti ndinakulandani zambiri: sukulu zabwino, nyumba ya ku Area 10, bambo wa dzina. N'zoona, ndipo zimandipweteka mpaka lero. Koma mutandibwezera pa chulu chija, ndikhoza kukweranso, ndi maondo omwewa.

Misuku, nditapuma ntchito

Ndinabwererako kamodzi, pa basi ndi pa lole, osauza munthu. Inali nyengo yothyola khofi. Phiri lonse linali minda ing'onoing'ono, nthochi m'malire, ngalande ikuyenda mpaka kumtunda. Mayi Namwaka anali atakalamba, nyumba yawo itamangidwa pa chitsa chija. Anayang'ana kumapazi kwanga asanayang'ane kumaso, anaona mabuti, n'kunena kuti, "Enya, tsopano mwaphunzira."

Anandiyendetsa mpaka pamwamba, pamene woweruza uja anadulitsa kamtengo. Pamenepo panali munda wa khofi wosamalika kuposa yonse, ndipo mwini wake anatuluka m'mizere ndi dengu m'manja. Anali a Simfukwe, tsitsi lonse mbuu, malaya opanda baji. Pogawa malo nawonso analandira, poti makolo awo anali a paphiri lomwelo. Tinayang'anana nthawi yaitali. Ndinadikira kuti ndimve ngati atchule za kabuku kaja, koma iwo anayang'ana udzu umene unamera m'mbali mwa njira, n'kuyang'ananso ine.

"Bwana loya, mukanatumiza uthenga kuti mukubwera. Tikanakonzako pang'ono."

"N'chifukwa chake sindinatumize, a Simfukwe," ndinatero. "Ndimafuna ndione munda."